Kuphunzitsa Ana Aang'ono Magawo a Chinthu Chathunthu Kudzera M'masewera: Kabuku ka Mabanja a M'boma la Chiradzulu

Kufunika kwa phunziroli

Mwana wa zaka zinayi kapena zisanu amene sanayambe sukulu amadziwa kale kudandaula pamene mnzake walandira chidutswa chachikulu cha mbatata kuposa iye, ndipo kudandaula kumeneko kumasonyeza kuti m'mutu mwake muli kale maziko a masamu a magawo, amene aphunzitsi amawatcha mafulakishoni. Fulakishoni ndi nambala imene imafotokoza gawo la chinthu chathunthu chimene chagawidwa m'magawo ofanana, monga theka, kota kapena gawo limodzi mwa magawo atatu. Ana ambiri amawerenga bwino kuyambira 1 mpaka 100, amaphatikiza ndi kuchotsera popanda vuto, koma akafika pa mafulakishoni amayamba kuwaopa masamu, chifukwa amakumana ndi manambala awiri osanjikizana pa bolodi asanagwirepo ndi manja chinthu chimene manambalawo akuimira.

M'boma la Chiradzulu, mmene kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 350,000, anthu ndi othithikana ndipo minda ndi yaing'ono, choncho kugawana kumalowa pafupifupi m'ntchito iliyonse ya pakhomo. Mabanja awiri amasonkherana ndalama n'kugula thumba limodzi la fetereza la makilogalamu 50 kuti agawane pakati, munda wa mayi umagawidwa kwa ana ake akakula, mlimi wa ng'ombe za mkaka amayezetsa mkaka wake m'malita ndi matheka a lita, ndipo m'misika ya Mbulumbuzi, Namadzi ndi Namitambo chimanga ndi nandolo zimagulitsidwa pa ndowa yodzaza kapena pa theka la ndowa. Munthu amene sadziwa bwino magawo amaberedwa pa muyezo, ndipo iyenso akhoza kunyenga mnzake popanda cholinga.

Kusukulu nako phunziroli limatsegula njira ya masamu a patsogolo. Kafukufuku amene Robert Siegler ndi anzake anafalitsa mu 2012, wokhudza ana a ku United States ndi ku Britain, anaonetsa kuti ana amene amamvetsa mafulakishoni ali ndi zaka pafupifupi 10 ndiwo amakhoza bwino masamu akafika ku sekondale. Komabe chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi oyambirira m'sukulu zambiri amakhala ndi ana ochuluka kotero kuti mphunzitsi mmodzi, ngakhale atakhala wakhama chotani, sangathe kupatsa mwana aliyense chinthu choti adule, apinde ndi kuyerekeza yekha. Ntchito imeneyo ingatheke bwino pakhomo, ndipo kholo, agogo kapena mchemwali wamkulu angaigwire ngakhale kuti iwo sanapite patali ndi sukulu.

Mfundo ziwiri zimene masewera onse ayenera kufikitsa

Mfundo yoyamba ndi yakuti magawo ayenera kukhala ofanana ndendende. Pa mwambo wa pakhomo, wamkulu amalandira nthuli yaikulu ndipo wamng'ono amalandira yomuyenera, zimene ndi ulemu woyenera kusungidwa pa nthawi ya chakudya. Koma mwana ayenera kudziwa kuti kugawa kwa masamu kuli ndi lamulo lina, limene siliyang'ana msinkhu wa wolandira. Chinthu chikadulidwa pawiri koma chidutswa china n'kukula, palibe theka limene lapezeka, pangopezeka zidutswa ziwiri.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti kukula kwa gawo kumadalira kukula kwa chathunthu chimene gawolo lachokera. Theka la papaya ndi lalikulu kuposa theka la gwafa, koma onsewo ndi matheka, pakuti lililonse ndi gawo limodzi mwa magawo awiri ofanana a chipatso chake. Pa chifukwa chimenechi, sewero lililonse liyambe ndi kuonetsa mwana chinthu chathunthu chisanadulidwe, ndipo lithe ndi kubwezeretsa magawo pamodzi kuti aone kuti chathunthu chija chabwerera.

Zipangizo

Palibe chofunika kugula. Aphunzitsi a m'Malawi amaphunzitsidwa njira yotchedwa TALULAR, imene ndi kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndipo banja lingachite chimodzimodzi posonkhanitsa zinthu izi:

- dongo lofewa, longa limene ana amaumbira ng'ombe;
- mapepala akale a makope kapena a nyuzipepala, ndi chingwe kapena luzi;
- nyemba, mtedza, timiyala kapena zitsekerero za mabotolo;
- kapu, mabotolo awiri ofanana oonekera mkati, chigubu cha malita 5 ndi ndowa ya malita 20;
- kamtengo kosongola kapena kachingwe kopyapyala kodulira dongo m'malo mwa mpeni.

Sewero loyamba: chigumu cha dongo

Sewero ili ndilo muzu wa ena onse, ndipo nkoyenera kulibwereza masiku ambiri osathamangira kutsogolo. Limayenera ana a zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri, ndipo limalowa mosavuta m'masanje amene anawo amasewera kale kuseri kwa nyumba.

1. Mwana aumbe yekha chigumu cha dongo chobulungira ndi chaphanthiphanthi, chachikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo kholo litchule kuti chimenecho ndi chigumu chimodzi chathunthu.
2. Kholo liuze mwana kuti kwabwera alendo awiri, amene angakhale zidole kapena ana anzake, ndipo aliyense alandire mofanana popanda kanthu kotsala.
3. Mwana adule yekha. Kholo lisamugwire dzanja, ngakhale likuona kuti akudula mokhota.
4. Akadula, kholo lifunse kuti, "Kodi zafanana? Wadziwa bwanji?" Kenako limusonyeze kusanjika chidutswa china pamwamba pa chinzake kuti aone ngati m'mphepete mwakumana.
5. Ngati sizinafanane, mwana akanyenso dongolo, aumbe chigumu china ndi kuyesanso. Zikafanana, kholo litchule dzina lake: chidutswa chilichonse ndi theka, ndipo matheka awiri apanga chigumu chimodzi.
6. Patapita masiku angapo, alendo akhale anayi. Ana ambiri amatulukira okha kuti njira yosavuta ndi kudula theka lililonse pakati, ndipo kutulukira kumeneko nkofunika kuposa kuuzidwa. Chidutswa chilichonse tsopano ndi kota, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo anayi ofanana.
7. Alendo atatu abwere pomaliza, chifukwa kugawa patatu nkovuta kuposa kugawa panayi. Poyamba mwana aumbe dongo lalitali ngati chinangwa m'malo mwa lobulungira, popeza chinthu chachitali chimagawika patatu mosavuta.

Pamene ana awiri akugawana chinthu chenicheni chodyedwa, monga nthochi kapena chitumbuwa, lamulo lothandiza ndi lakuti amene wadula asankhe pomaliza. Wodulayo amasamala kwambiri podziwa kuti chidutswa chachikulu chikapezeka chipita kwa mnzake, ndipo diso lake limaphunzira kuyeza popanda womukakamiza.

Mwana akazolowera kugawa chigumu chimodzi, apatsidwe vuto lokulirapo: zigumu zitatu ndi alendo awiri, kapena zigumu ziwiri ndi alendo anayi. Apa amaona kuti mlendo aliyense alandira chimodzi ndi theka, kapena theka lokha, ndipo amayamba kuzindikira kuti pakati pa 1 ndi 2 palinso manambala ena. Funso lotere ndi lakale kwambiri. Pa pepala lina la gumbwa la ku Egypt limene mlembi wotchedwa Ahmes analemba cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, limene tsopano likusungidwa ku British Museum mumzinda wa London, muli masamu a kagawidwe ka mikate pakati pa anthu khumi, zimene zikusonyeza kuti kuyambira kale mafulakishoni akhala akugwiritsidwa ntchito pa kugawana chakudya, malo omwewo amene mwana ayenera kuyambira.

Sewero lachiwiri: kupinda pepala ndi chingwe

Kupinda kuli ndi ubwino wakuti kumadzitsimikizira kokha, pakuti nsonga zikakumana magawo afanana. Mwana apinde pepala pakati, alitambasule ndi kuwerenga magawo, kenako alipinde kawiri, ndipo asanatambasule anene kuti apeza magawo angati. Akalipinda katatu ambiri amayembekezera magawo asanu ndi limodzi, koma amapeza asanu ndi atatu, ndipo kudabwa kumeneko kumawachititsa kufunsa chifukwa chake. Kholo limuthandize kuona kuti magawo akamachuluka, gawo lililonse likuchepa.

Pepala lomwelo lipindidwe m'njira zosiyana, lina chopingasa, lina chotsika, lina kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya ina, kuti mwana adziwe kuti theka silikhala ndi maonekedwe amodzi okha. Chingwe nacho chipindidwe pakati ndi kumanga mfundo pamene papindikapo, kenako chitambasulidwe pansi kuti ana alumphe kuchoka poyambira kufika pa theka, pa kota kapena pa makota atatu monga mmene wotsogolera sewero akuitanira.

Sewero lachitatu: milu ya nyemba ndi bawo

Chathunthu sichikhala chinthu chimodzi nthawi zonse, chifukwa gulu la zinthu, monga mulu wa tomato pamsika, nalonso lingagawidwe. Mfundo imeneyi imasokoneza ana amene anangozolowera kudula zipatso, choncho iyenera kupatsidwa nthawi yakeyake. Nambala yabwino kuyambira ndi 12, popeza imagawika pawiri, patatu, panayi ndi pasanu ndi kamodzi popanda chotsala.

1. Mwana awerenge nyemba 12 ndi kuziika pa lichero, ndipo kholo linene kuti mulu wonsewo ndi chathunthu.
2. Ajambule mabwalo awiri pansi ndi kugawa nyemba imodziimodzi mosinthanasinthana mpaka zitatha, kenako awerenge kuti aone kuti theka la 12 ndi 6.
3. Abweze nyemba zonse pa lichero, ajambule mabwalo atatu, kenako anayi, ndi kupeza kuti gawo limodzi mwa atatu ndi nyemba 4 pamene kota ndi nyemba 3.
4. Kholo lisinthe mulu kukhala wa nyemba 8 kapena 20 ndi kufunsanso theka, kuti mwana asaganize kuti theka ndi 6 nthawi zonse.

Bawo, limene amuna amasewera pansi pa mtengo m'midzi ndi m'misika yambiri, lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32. Wosewera aliyense ali ndi mizere iwiri, imene ndi theka la bawo, ndipo mzere umodzi ndi kota. Atate kapena malume angakumbe timaenje pansi mofanana ndi bawo n'kupempha mwana kuti adzaze theka la mzere umodzi, kapena makota atatu a maenje onse, asanayambe sewero lenileni.

Sewero lachinayi: sitolo ya masanje

Mwana mmodzi akhale wogulitsa ndipo ena akhale ogula, madzi aimire mafuta ophikira kapena mkaka, mchenga uimire shuga, ndipo mapepala olembedwa K1,000, K500, K200 ndi K50 aimire ndalama. Wogula apemphe theka la botolo, ndipo wogulitsa atsimikize muyezo wake pothira madzi a m'botolo limodzi lodzaza m'botolo linzake lofanana nalo mpaka madzi atalingana msinkhu m'mabotolo awiriwo. Botolo lopanikizika pakhosi kapena pakati limanyenga diso, choncho mzere wa theka ulembedwe pambuyo poyeza, osati pongoyang'ana. Ngati botolo lodzaza likugulitsidwa K1,000, ana apeze okha kuti theka ndi K500 ndipo kota ndi K250.

Ana okulirapo atsanule chigubu cha malita 5 m'ndowa ya malita 20 ndi kuwerenga kuti chitsanulidwa kangati kuti ndowa idzaze. Akapeza kuti ndi kanayi, adziwa kuti chigubu ndi kota ya ndowa, zigubu ziwiri ndi theka, ndipo makota awiri ndi theka limodzi ndi muyezo womwewo wotchulidwa m'njira ziwiri. Umenewu ndiwo msinkhu woyamba wa zimene kusukulu amazitcha mafulakishoni ofanana.

Kumunda ndi kukhitchini

Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu kapena kuposerapo angapatsidwe magawo a ntchito yeniyeni. Pa kabzalidwe ka chimanga ka mbewu imodzi pa phando, kamene alimi amakatcha Sasakawa, alangizi a zaulimi amalangiza kuti mizere italikirane masentimita 75 ndipo mapando atalikirane masentimita 25. Mwana atenge chingwe chotalika ngati ndodo yoyezera mizere, achipinde patatu mofanana, ndipo gawo limodzi likhala muyezo wa mapando, chifukwa 25 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a 75.

Ufa wa phala la Likuni wokonzera pakhomo umasakanizidwa pa makapu anayi a chimanga ndi kapu imodzi ya soya wokazinga. Ana ambiri, ngakhalenso akuluakulu, akafunsidwa kuti soya ndi gawo lanji la chisakanizocho amayankha kuti ndi kota, poona 1 ndi 4. Koma makapu onse amene alowa m'beseni ndi asanu, choncho soya ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Njira yoonetsera zimenezi ndi kuika makapu asanuwo m'milu isanu pa mphasa musanasakanize, kuti mwana awerenge chathunthu ndi maso ake.

Nthawi yoyamba kulemba manambala

Kulemba kubwere pambuyo penipeni, pamene mwana akutha kudula, kutchula ndi kufotokoza theka ndi kota popanda kuthandizidwa. Kholo lilembe 1/2 pansi ndi kamtengo pafupi ndi chidutswa cha dongo, ndi kufotokoza kuti nambala ya pansi ikunena kuchuluka kwa magawo ofanana amene chathunthu chagawidwa, pamene nambala ya pamwamba ikunena magawo amene atengedwa. Pa 3/4, chigumu chadulidwa panayi ndipo zidutswa zitatu zatengedwa. Fulakishoni iliyonse imene yalembedwa ikhale ndi chinthu chogwirika pambali pake kwa miyezi yoyambirira.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

- Kuganiza kuti 1/4 ndi yaikulu kuposa 1/2 chifukwa 4 ndi wamkulu kuposa 2. Ichi ndicho cholakwika chofala kwambiri, ndipo sichitha ndi kumuuza mwana yankho. Aumbe zigumu ziwiri zofanana, china adule pawiri, china panayi, ndipo afunsidwe kuti, "Ukanakhala ndi njala, ukanasankha kugawana ndi anthu angati?"
- Kunena kuti "theka lalikulu" ndi "theka laling'ono". Akuluakulu amalankhula motero pamsika, koma pa nthawi ya sewero mawuwa apewedwe.
- Kuyerekeza gawo lotengedwa ndi magawo otsala m'malo moyerekeza ndi chathunthu, monga kutcha chidutswa chimodzi mwa zinayi kuti 1/3 chifukwa patsala zitatu.
- Kuphatikiza 1/2 ndi 1/2 n'kupeza 2/4 chifukwa chophatikiza manambala a pamwamba paokha ndi a pansi paokha. Mwana alumikize matheka awiri a dongo kuti aone kuti apanga chathunthu chimodzi.
- Kuyerekeza magawo a zinthu zosiyana kukula, monga theka la chitumbuwa ndi kota ya buledi, n'kunena kuti kota imaposa theka.

Zolakwika zina zimachokera kwa wophunzitsa. Kholo limene limadula lokha mwana akungoonerera lachotsa phindu lonse la sewero, ndipo limene limakalipa kapena kumenya mwana akalakwa limamuphunzitsa kuopa masamu, mantha amene amavuta kuchotsa akakula. Chigumu chodulidwa mokhota chimathandiza kuposa chodulidwa bwino ndi munthu wamkulu, chifukwa chimapatsa mwana chinthu choti aone ndi kukonza. Sikoyeneranso kusiyira atsikana masewera a kukhitchini okha ndi anyamata a bawo okha, pakuti onse adzakumana ndi mayeso amodzimodzi a Sitandade 8 ndi miyezo imodzimodzi pamsika.

Machenjezo

- Mwana wamng'ono asapatsidwe mpeni, lumo kapena chikwanje. Nzimbe, chinangwa ndi zina zolimba adule ndi wamkulu pamalo pamene mwana waloza.
- Nyemba, mtedza ndi timiyala zisasiyidwe pafupi ndi makanda ndi ana osakwana zaka zitatu, amene akhoza kuzimeza kapena kuzilowetsa m'mphuno ndi m'makutu.
- Mbewu yogula yopakidwa mankhwala a mtundu wofiira kapena wobiriwira, chimanga chothiridwa mankhwala a anankafumbwe ndi fetereza zisagwiritsidwe ntchito poseweretsa ana.
- Mabotolo ndi zigubu zimene munali mankhwala a mbewu, parafini kapena petulo zisalowe m'sewero ngakhale zitatsukidwa.
- Mapiritsi asakhale chitsanzo cha theka m'manja mwa mwana, ngakhale kuti kuchipatala nthawi zina amalamula theka la piritsi.
- Ndowa ya madzi ikhuthulidwe sewero likangotha, chifukwa mwana wokwawa akhoza kugweramo chamutu.
- Ana asambe m'manja ndi sopo akachoka pa dongo asanagwire chakudya, makamaka nyengo ya mvula pamene matenda otsekula m'mimba ndi kolera amafala.
- Chakudya chidulidwe pokhapokha ngati chidyedwa nthawi yomweyo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chakudya chimachepa m'mabanja ambiri, dongo ndi mapepala ndi zokwanira.

Sewero limodzi lisapitirire mphindi 10 kapena 15, ndipo mwana akayamba kuyang'ana kumbali lilekezedwe kuti lidzapitirizidwe tsiku lina.

Ana ovutika kuona kapena kumva, ndi kugwirizana ndi aphunzitsi

Masewera onsewa amadalira manja kuposa maso ndi makutu, choncho mwana wosaona bwino angasanjike zidutswa za dongo ndi kupapasa m'mphepete mwake, kapena kutsata mfundo za pa chingwe ndi zala, pamene mwana wosamva angaphunzire poonerera ndi kuchita mobwereza. Ku Nguludi, m'boma lomweli, kuli koleji ya Montfort imene imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, ndipo kholo la mwana wotere lifunse mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi za mphunzitsi wa luso limeneli amene amayendera dera lawo.

Alezi a m'sukulu za mkombaphala angatenge sewero loyamba ndi lachiwiri n'kuwachititsa ana m'timagulu ta anayi, gulu lililonse ndi dongo lake. Kholo la mwana wa ku pulayimale liziyang'ana m'kope la masamu kamodzi pa sabata, ndipo likaona kuti kalasi yafika pa mafulakishoni, lifunse aphunzitsi mayina amene akugwiritsa ntchito potchula magawo ndi manambala a pamwamba ndi a pansi, kuti mawu a kunyumba agwirizane ndi a m'kalasi. Funso lililonse limene mwana walakwa m'kope libwezedwe pa dongo kapena pa nyemba madzulo a tsiku lomwelo, ndipo mwanayo alembenso yankho lake atatha kuligawa ndi manja.